Masamu Amuchepera Teleza

"Walakwanji mwanayu?" anafunsa mayi Namacha polowa mu ofesi ya ahedi, dengu lothyolera tiyi likadali kumsana.

"Sanalakwe, mayi," anatero ahedi. "Masamu a Sitandade 5 amuchepera Teleza. Kuyambira Lolemba azikaphunzira masamu ku Sitandade 8, limodzi ndi mchimwene wake Peterson. Mwabereka akatswiri okhaokha. Peterson naye homuweki salakwa n'kamodzi komwe."

Mayi Namacha anatula dengu pansi, nkhope ili mwee. Peterson, amene anaitanidwanso, ankangoyang'ana zala zakumapazi, thukuta lili kamukamu.

"Nanga iwe Teleza, sukuopa?" anafunsa ahedi.

"Ayi, sindikuopa," anayankha mtsikanayo. "Koma ndifunse nawo. Homuwekiyo ndizilemba kawiri, yanga ndi ya achimwene, kapena imodzi ikwanira?"