Pansi pa Udzu wa Nangondo

Kwathu kuno kunyanja, makina a kompyuta ndi amene amagawira nyumba alendo odzapuma. Banja lopanda mlendo sililoledwa kutsikira kumchenga, limachapa ndi kusamba pamjigo.

Ife titafolera nyumba ndi malata, tinkati alendo azichita kulimbirana. Koma ayi, makinawo amasankha nyumba zaudzu zokhazokha, ati ndiye mudzi weniweni. Ndiye Nangondo woyandikana nafe, yemwe ankabisala mvula kwathu, anayamba kudutsa ndi alendo ake, mapazi ali mchenga okhaokha, n'kumandipatsa moni mwadala.

"Bambo a Mwatitha," ndinawauza amuna anga, "sasulani malatawa. Ndatopa kuimva nyanja ndi makutu okha."

"Mayi, tinawavutikira malata amenewa. Udzu umadontha."

"Udonthe! Wa Nangondo wamupha?"

Anasasula akung'ung'udza, n'kugulitsa kwa munthu wina wa ngolo. Tinafolera udzu. Mvula yoyamba inanyowetsa zofunda, ufa ndi mlendo wathu woyamba, amene ananyamuka osatsanzika.

Ndinapita kwa Nangondo ngati wokapala moto, koma mtima unali wokaona mmene kwake kwanyowera. M'nyumba munali mouma gwa! Ndinakweza maso. Mphasa imene anatchingira kudenga inali itang'ambika pakona, ndipo pansi pa udzu panaoneka lata, lili ndi dontho la penti wobiriwira amene ndinatayira ndi manja angawa.

"Khalani pansi, anzanga," anatero Nangondo akundikankhira mpando. "Inutu mumadziwa kusankha malata."