Nyimbo Imene Mkwatibwi Anapempha

"Waya wachitatu uyu ndi wa buleki ya njinga," anatero Oscar uku akukunga gitala yake. "Koma amalira kuposa a m'sitolo."

Jethro, mphunzitsi wa pa Chama, anaseka pang'ono. Iye gitala yake anali asanaigwire kwa miyezi isanu, chimusiyireni Tryness, namwino amene ankafuna kumukwatira. Tsikulo anaitulutsa chifukwa Oscar, mlimi wa ku Tembwe amene anangodziwana naye kutchalitchi, anabwera kudzacheza naye pakhonde la nyumba yake.

"Zala zauma, aphunzitsi," anatero Oscar. "Manje tandithandizani. Loweruka ndikukaimba pa ukwati ku Chikwa. Ine changa ndi nyimbo zovina za kalindula, koma mkwatibwi wapempha nyimbo ina yake yodekha. Anandiimbira pa foni, koma pakati ikundivuta."

Oscar anayamba kuiimba. Mzere woyamba usanathe, Jethro anaizindikira. Nyimboyo anaipeka yekha chaka chatha, pakhonde lomwelo, ndipo anaimbirapo munthu mmodzi basi, Tryness.

"Mkwatibwiyo ndani?" anafunsa.

"Dzina ndaiwala, koma ndi namwino. Akuti sakumbukira kumene anaimva, mwina pa wailesi."

Oscar anabwereza nyimbo ija, n'kuphonyanso pamalo pomwepo. Pamenepo Jethro anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya, nakoka gitala yake.

"Apo musathamange," anatero. "Tsitsani chala pang'onopang'ono. Mkwatibwiyo amaikonda ikamatsika chonchi."