Botolo la Nambala Seveni

Zaka makumi awiri ndi ziwiri zapitazo, m'labotale yofufuza matenda a chiwindi, bambo wina woyeza magazi analumbira pamaso pa anzawo onse. Kafukufuku ankafuna magazi a anthu abwinobwino oti aziyerekeza ndi a odwala, ndipo ogwira ntchito anavomera kumapereka awo chaka ndi chaka. Koma mantha analipo. Masiku amenewo munthu akangomveka kuti ali ndi kachilombo kotupitsa chiwindi, kapu yake ya tiyi ankaiika payokha. Choncho pa botolo pankalembedwa nambala basi, kaundula wa mayina n'kumasunga bambowo. Analonjeza kuti sadzaulula mwini botolo kwa aliyense, ngakhale kwa mwiniwakeyo. Amene anawalumbiritsa anali mtsikana wa pakamwa pakuthwa, wongomaliza kumene sukulu. Chaka chotsatira mtsikanayo anapita kunja.

Anabwerako ali Dokotala, mkulu wa labotale yonse, atanyamula makina atsopano ogwira kachilombo kobisala kamene njira zakale zinkakaphonya, onunkhiza khansa isanayambe kupweteka. Labotale imene anakhala akuilota zaka zonsezo sanaipeze. Matailosi amene kale anali oyera anali atasanduka mano a wosuta fodya. Pazenera losweka anamatapo katoni. Anzake akale ena anatsikira kuli chete, ena anatsegula mashopu. Anatsala bambo aja okha, amene tsopano ankatchedwa a Firiji chifukwa makiyi a firiji ya magazi sankachoka m'thumba mwawo. Naye Dokotala ogwira ntchito anamupatsa dzina lake lakumbali, Mayi Kunjakuja, poti sankatha kuyamba nkhani ndi mawu ena.

Makinawo anayeza mabotolo khumi a chaka chimenecho, a ogwira ntchito onse kuyambira wosesa mpaka mkulu. Asanu ndi anayi anatuluka oyera. La nambala seveni linali ndi kachilombo, chizindikiro cha khansa chitakwera.

Poyamba Dokotala anati a Firiji asokoneza mabotolo ndi a odwala. Iwo anabwereza katatu, iye ataimirira kumbuyo kwawo ngati wapolisi. Zotsatira sizinasinthe. Ndiyeno anayamba kuwaonetsetsa bambowo. Masabata atatu okha, lamba wawo anali atabooledwa chiboo china. Chakudya chamasana ankabwerera nacho kunyumba. Maso anali ofiira, osagona. Dzanja limene kale linamuphunzitsa iye kugwira singano linkazengereza likafika pa botolo la nambala seveni. Ndipo kawiri konse analemba kalata yopempha kuti onse khumi akaunikidwe chiwindi kuchipatala. Munthu wosadwala angalimbikire chonchi? Dokotala sanafunenso umboni wina.

Lolemba m'mawa anawapeza m'chipinda cha firiji akuvala magolovesi. Anaponya envulopu pa tebulo.

"Magaziwo ndi anu, bambo. Musandipusitse."

"Ine sindinanene choncho, Adokotala."

"Simukuyenera kunena. Thupi lanu likukunenerani. Mwandiipitsira kafukufuku ndi chiwindi chanu chowola, kwinaku mukugwira magazi a anthu ngati palibe kanthu. Kunja kuja bwenzi pano mukuyankha mlandu."

"Ndakupemphani kawiri. Tipite tonse khumi, mawa lomweli. Mwini wake akamva yekha kwa madokotala, ine pakamwa panga pasatuluke dzina."

"Anthu khumi asiye ntchito chifukwa cha nkhalamba imodzi yamantha? Mukufuna kubisala m'gulu ngati mbuzi yodya zakuba. Palibe amene apite."

"Khansa imeneyi ikagwidwa msanga amadula. Mumatiphunzitsa ndinu."

"Ndiye pitani akakuduleni! Mapazi muli nawo."

A Firiji anayang'ana pansi. Firiji inkangolira yokha. Pakhomo, woyeretsa mabotolo anaima ndi beseni lake, kenaka n'kubwerera chambuyo.

"Kale munkanditchula kuti malume," anatero a Firiji.

"Kale muno munali labotale. Pano ndi khola, ndipo woweta wake ndinu. Zaka zonsezi mwangokhalira makiyi ngati nkhuku yofungatira mazira owola."

Dokotala anavala golovesi imodzi, n'kutsomphola botolo la nambala seveni m'thireyi. Anati nambalayo aichotsa m'kafukufuku, ndipo nkhani yake ithere pomwepo. Wina akadzatchulanso zokaunikidwa, atsatira a Firiji kunja kwa geti. Anaponda chivundikiro cha bini yofiira ya zokawotcha, botolo lija n'kugweramo.

"Kalata yokuimitsani ntchito ndi iyo. Makiyi."

A Firiji anaika makiyi pa tebulo mmodzimmodzi, mosafulumira. Wotsiriza, kakiyi ka mkuwa, anatsala nako. Anatsegula kabati ya pansi pa sinki, n'kutulutsa kaundula wachikuto chakuda, womangidwa ndi mphira. Anavundukula masamba mpaka pa tsamba la chaka chimenecho. Mayina a pamwamba anawaphimba ndi envulopu ija, a pansi ndi chikhatho chawo, n'kusiya mzere umodzi.

"Sindikufuna kuona dzina lanu," anatero Dokotala, akuvula golovesi.

"Werenga, mwana wanga."

Dokotala sanawerame. Choncho a Firiji anawerenga okha mokweza: nambala seveni, tsiku lotenga magazi, kenaka dzina la Dokotala, lonse lathunthu.