Wotchinga Mphepo

Mzere womaliza utaonekera, Chitseko anakhotetsera njinga yake kumbali, monga ankachitira pa mpikisano uliwonse. Ntchito yake m'timumo inali kupalasa patsogolo, kutchingira mng'ono wake mphepo, kenaka kumpatsa njira kuti akapambane.

Koma amene anamudutsa anali a matimu ena okhaokha.

Chitseko anakapeza mng'ono wakeyo ali m'galimoto la timu, bondo lili magazi okhaokha.

"Ine ndinagwa pakona paja, achimwene. Munatsala nokha patsogolo, onse mutawasiya kutali. Bwanji simunangomaliza?"

Chitseko anavula chipewa, n'kuyamba kumwa madzi pang'onopang'ono.

"Akochitu amakuwa pa wailesi ya m'khutuyo kuti, 'Pita, wapambana!' Simunamve?"

"Ndinamva," anatero Chitseko, akutseka botolo. "Ndimayesa akuuza iwe."