Mbawa ya Amake Tithokoze

Lucius, wowotcha njerwa wa ku Chilomoni, anali atakweza kale nkhwangwa pamene amake Tithokoze anakuwa kuti, "Taimani!"

Mbawayo anavomera okha dzulo lake kuti idulidwe, atanenerera mpaka Lucius kutuluka thukuta. Koma tsopano maso awo anali pa mizu yake, yomwe inagwira dothi kuseri kwa nyumba chaka chija matope a namondwe anatsika m'phiri.

Tithokoze, mwana wawo wa kusekondale, analankhula ali pakhomo. "Ndinakuuzani, amayi. Akatswiri amayeza mpweya chaka ndi chaka. Wa utsiwu ukungochuluka, dziko likutentha, mvula ikubwera yolusa. Mitengo ndiyo imaumeza."

"Iwe khala chete, unakayeza ndiwe?" Amakewo anatembenukira kwa Lucius. "Achimwene, tsitsani chinthucho. Ndasintha maganizo."

"Koma mayi, uvuni wanga ukudikira nkhuni!"

"Kwerani musadze nthambi zoumazo, mutenge ulere. Thunthu musaliyandikire."

Lucius anaseka. "Ulere? Inuyo? Chiyambire liti?"

"Ulere wake ndi wakuti mundikumbire maenje kumtundaku. Mbande ndikapempha ndekha kutchalitchi, ndipo sandikaniza."

Lucius anayang'ana mbawa, n'kuyang'ananso mayiyo. Kenako anatsamiritsa nkhwangwa kukhoma.

"Khasu lili kuti?"