Foni m'thumba la jekete

Foni ya aphunzitsi inalira m'thumba la jekete, mpikisano wa tchesi uli mkati. Akazi awo ndiwo anaiikamo m'mawa kuti asaiiwale. M'fonimo munali pulogalamu ya tchesi yomwe aphunzitsiwo anasankha dzulo lake, yowaonetsa pomwe alakwitsa akatha kusewera.

"Bweretsani kuno, bambo," anatero woyang'anira mpikisano. "Mukapezeka kuti mumabera, zaka ziwiri osaseweranso."

Aphunzitsi anapemphera chamumtima. Woyang'anirayo analowetsa mayendedwe awo onse a tchesi m'pulogalamuyo, n'kuyang'anitsitsa nthawi yaitali. Kenako anawatungira madzi akumwa.

"Mtima pansi, bambo. Masewerawa mwaluza chifukwa cha foni, koma kubera ayi. Makinawa akuti chiyambireni simunayendeko bwino ngakhale kamodzi."