Kachikhadabo ka Biba

Panali bambo wina ku Istria, m'mudzi woyang'anizana ndi nkhalango ya Motovun, dzina lake Dorijano. Ntchito yake inali yosaka tartufi, bowa uja amamera pansi pa nthaka, woti popanda mphuno ya galu sungamupeze. Galu wake wamkazi, Biba, analibe mnzake m'chigwa chonsecho.

Tsiku lina, nyengo ya tartufi woyera itangoyamba, Biba akukumba anakodwa ndi muzu. Kachikhadabo kaja kamakhala m'mbali mwa mwendo wakutsogolo, kosagunda pansi, kanang'ambika n'kumalendewera, magazi ali chuchuchu.

Mkazi wa Dorijano, Nevia, mayi wa mwana wawo Tea, anamuumiriza mpaka anapita naye galuyo kwa dokotala wa ziweto ku Buzet. Dokotalayo, mayi wosachulutsa zonena, anaunika mwendowo n'kupukusa mutu. Anamuitana kuti barba, mawu aulemu a kumeneko onga akuti amalume.

"Barba Dorijano, apa si chikhadabo chokha. Kachala konse kathyoka mpaka fupa. Galu wamkulu ngati uyu sitingodula ayi. Timugoneke ndi mankhwala, tichotse kachalako, tisoke. Akatero akhale pakhomo mpaka bala lipole."

"Pakhomo? Mwezi uno? Ndiye ndizikanunkhiza ndekha pansipo?"

"Nkhalango sithawa, barba. Mubwere naye mawa m'mawa asanadye."

Pobwerera, Dorijano anaima pamalo ena omwera n'kumadandaula mokweza. Pakona panali mlendo wina wogulitsa tiana ta agalu pa galimoto. Anasendeza mpando wake pafupi.

"Akulu, madokotalawa amangokonda mpeni. Ine zoterezi ndazula zosawerengeka. Mawa lomweli galu wanu ali m'tchire."

"Osamugoneka?"

"Kumugoneka ngati khanda? Inu mungogwira mutu basi."

Anapita kuseri kwa nyumbayo. Mlendoyo anatulutsa pulayazi m'bokosi la zida za galimoto. Dorijano anapana mutu wa galu ndi mawondo ake. Biba anakuwa kamodzi kokha, kulira koti anthu a mkati muja anasiya kuyankhula. Mlendoyo anathira rakiya, kachasu wa kumeneko, pabalapo, n'kumanga ndi kansalu. Biba sanalume munthu. Anangoyang'ana mbuye wake, thupi lonse likunjenjemera, kenako anamunyambita dzanja.

Kutacha analowadi m'nkhalango, ndipo Biba anakumba ngati kale. Mawa lake chimodzimodzi. Koma anayamba kutsimphina, kenako kusiya chakudya m'mbale.

"Bambo a Tea, mwendowu ukununkha," anatero Nevia. "Simukumva inu?"

"Ndi matope amenewo."

"Matope amatupitsa chonchi? Tamugwirani muone mmene watenthera. Pitani naye lero."

"Sabata ino yokha, mayi. Ikatha ndipita naye."

M'mawa wina kunachita nkhungu yoti sungaone mtengo uli patsogolo pako. Biba ankadumphira miyendo itatu, winawo ataupachika m'mwamba. Atafika patsinde pa mtengo wina waukulu anaima, ananunkhiza, n'kucheuka kuyang'ana mbuye wake. Dorijano anaona bwinobwino mmene mwendowo unalili. Komabe anamulozera pansi.

"Kumba, mwana wanga. Kumba."

Biba anatsitsa mwendo wotupawo n'kuyamba kukumba. Kansalu kanamasuka. Anakumbabe, dothi likusakanikirana ndi mafinya. Kenako anagona pomwepo, mutu uli m'dzenjemo, osadzukanso.

Dorijano anamunyamula n'kuthamanga naye ku galimoto, khasu lake lomwe anasiya konko. Dokotala uja atatsegula balalo anafunsa:

"Wachita izi ndani?"

Dorijano anangoti maso pansi.

"Anasiya fupa lothyoka mkatimu. Zawola, zalowa m'magazi. Ndiyesetsa, koma mwachedwa."

Anayesetsadi, koma Biba anafa tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, mutu uli pamkono wa Dorijano. Mlendo uja anali atapita kalekale, ndipo pamalo omwera paja panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa dzina lake.

Chaka chotsatira Dorijano anagula galu wina wamng'ono. Koma akuti kukachita nkhungu, akangolowa m'nkhalango, amamva masamba ouma akuti tswatswa kumbuyo kwake, kuyenda kwa galu wotsimphina. Akaima, nakonso kumaleka. Akacheuka, kulibe kanthu. Poyamba ankati ndi maganizo chabe, mpaka tsiku lina galu watsopanoyo anasiya kununkhiza, anayang'anitsitsa kumbuyo kwa Dorijano pamalo popanda chilichonse, n'kuyamba kugwedeza mchira.

Tsiku limenelo anabwerera kunyumba thumba lili pululu, nkhope itatuwa.

"Mwafulumira bwanji lero?" anafunsa Nevia.

Dorijano anakhala pakhonde, nsapato zamatope zili kuphazi.

"Akunditsatabe, mayi. Ndamuuza kuti apume. Sakumva."

Phunziro: Galu sangakuuzeni kuti zikupweteka, ndipo adzakugwirirani ntchito mpaka atagwa. Chikhadabo chikang'ambika kapena kachala kakathyoka, musazule nokha ndipo musapereke chiweto chanu kwa munthu wongokumana naye panjira. Mverani dokotala wa ziweto, ndipo akati chipume, chisiyeni chipume. Tumizani nkhaniyi kwa aliyense amene ali ndi galu pakhomo, aiwerenge lero, galu wake akadali moyo.